Miliri itatu ndi mtima wa nesi wa ku Lundazi

Tikakumana pa Facebook kapena mu minibasi, nkhani ya manesi siichedwa kutentha. Wina amayamba ndi kunena kuti anamukalipira ali pa ululu. Wina amawonjezera kuti nesi anali pa foni mwana wake akulira. Pomaliza tonse timagwirizana kuti manesi a masiku ano alibe mtima. Madandaulo ena ndi oona, sitikana. Koma ife amene kwathu ndi ku Lundazi, ndipo ena a ife tinakulira m'nyumba za manesi, tili ndi mbali ina ya nkhaniyi. Timakumbukira amayi kapena ankhazi akufika kuchokera ku shifiti ya usiku, kuvula nsapato pakhomo, kukhala pampando osakamba ndi munthu, nsima n'kuzizira patebulo. Mwana akangokhosomola pang'ono, iwo ankadzidzimuka ngati nyumba yagwira moto. Kumudzi kukagwa maliro, ankatuma chopepesa koma iwo osapita. Panthawiyo tinkati ndi kutopa chabe. Lero tidziwa kuti chinthucho chili ndi dzina, ndiponso chili ndi mbiri yake.

Akatswiri a za maganizo amachitcha secondary traumatic stress. M'chinyanja tinganene kuti ndi bala la mumtima limene munthu amatenga chifukwa choona ndi kumva zowawa za anthu ena. Iye sanagwe m'ngozi, sanadwale, koma anali pambali pa bedi pamene wodwala ankabanika, ndipo ndiye anatuluka kukauza abale kuti zalephereka. Zizindikiro zake zimafanana ndi za munthu amene anapulumuka ku nkhondo. Amalota maloto oipa, tulo timasowa, nkhope ya wodwala wina imabwera m'maganizo osaiitana, amapewa malo kapena nkhani zimene zimamukumbutsa, amakwiya msanga, ndipo nthawi zina mtima umangouma, osamva chisoni kapena chimwemwe.

Bala limeneli limasiyana ndi kutopa ndi nchito kumene m'Chingerezi amati burnout. Kutopa kumabwera pang'onopang'ono chifukwa cha odwala ambiri, malipiro ochepa ndi kusowa kwa zipangizo. Bala la mumtima lingathe kubwera ndi usiku umodzi wokha, ndipo limamutsata munthu ngakhale ali pa tchuthi. Nthawi zambiri ziwirizi zimayendera limodzi. Thupi likaona zoopsa limatulutsa mahomoni monga adrenaline ndi cortisol kuti munthu athawe kapena alimbane nazo. Nesi sangathawe, ayenera kuima pomwepo ndi kufunafuna mtsempha woikapo dripu. Zikachitika tsiku ndi tsiku, thupi limaiwala kupumula, ndipo maganizo amadziteteza mwa kutseka chitseko. Chitseko chotsekacho n'chimene ife pa mzere timachiona ngati nkhanza.

Mawu ofotokoza zimenezi si akale. Mu 1992 Carla Joinson wa ku America analemba za manesi a ku wodi ya ngozi amene chifundo chinawathera chifukwa chochigwiritsa nchito mopitirira. Mu 1995 Charles Figley anatulutsa buku lotchedwa Compassion Fatigue, limene linafalitsa nkhaniyi. Mu 2013 bungwe la madokotala a za maganizo ku America linavomereza m'buku lake la matenda kuti munthu angathe kuvulala maganizo chifukwa chokumana mobwerezabwereza ndi zinthu zoopsa pa nchito yake. Pamene mabuku amenewa ankalembedwa, manesi a kwathu anali atakhala kale zaka zambiri m'kati mwa chinthucho.

Kuti timvetse, tiyambe ndi malo. Lundazi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kumpoto kwa Chipata. Pa kalembera wa 2010 chigawochi chinali ndi anthu oposa 300,000, ndipo mu 2018 chinagawidwa, Lumezi ndi Chasefu n'kukhala zigawo pazokha. Kum'mawa kuli malire a Malawi ndi chipata cha Lusuntha, koma mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziwiri ndipo amadutsa pa tinjira ta kumudzi. Kumadzulo kuli chigwa cha Luangwa, kwa a Kazembe, a Chitungulu ndi a Mwanya, kumene misewu imavuta kwambiri mvula ikagwa. Wodwala amene walephereka ku kiliniki amatumizidwa ku chipatala cha boma cha Lundazi kapena ku chipatala cha mishoni cha Lumezi, ndipo akalephereka kumeneko ulendo ndi wa ku Chipata Central Hospital. M'malo otere nesi sasamalira alendo. Wogona pa bedi ndi mnzake wa mu kwaya, mphunzitsi wa mwana wake, mayi amene amamugulitsa tomato pa msika.

Mliri woyamba ndi chimfine cha 1918, chimene chinapha anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse. Chinafika mu Northern Rhodesia chakumapeto kwa chakacho, kutsata njanji, anyamata obwera kuchokera ku migodi ya kum'mwera, ndi amtengatenga a nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Nthawi imeneyo Chipata inkatchedwa Fort Jameson, ndipo thandizo la chipatala kwa anthu akuda linali makamaka m'manja mwa mamishoni. Tsidya lina la malire, mishoni ya Livingstonia inkaphunzitsa anyamata nchito yothandiza madokotala. Koma m'midzi odwazika anali amayi, agogo ndi alongo. Iwo ndi amene ankatunga madzi, kuphika phala ndi kutseka maso a akufa. Choyenera kuona n'chakuti chisoni chawo chinali ndi kopita. Wodwazika anali mbale, choncho pa maliro ankakhala m'nyumba ya siwa, kulira pamodzi ndi anzake, ndi kupepesedwa. Pamene nchito yodwazika inasanduka ya yunifomu ndi malipiro, kudwazika kunapitirira koma kupepesedwa kunatsalira kumudzi.

Mliri wachiwiri ndi umene unaumba manesi amene anatilera. Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi mu Zambia analembedwa mu 1984. Mu October 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anauza dziko poyera kuti mwana wawo Masuzyo, amene anamwalira mu December 1986, anafa ndi matendawa. Zinali zolimba mtima, chifukwa anthu ambiri ankaopa ngakhale kutchula dzina lake. Kum'mawa kuno ena ankati ndi kaliondeonde, ena ankati ndi ufiti, ndipo ku Lusaka anyamata ankangoti kanayaka. Pa kafukufuku wa dziko lonse wa 2001 mpaka 2002 kunapezeka kuti pafupifupi anthu 16 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi kachirombo.

Tiganizire nchito ya nesi m'zaka makumi awiri zimenezo, kuchokera 1984 mpaka 2004, pamene ma ARV anali asanafike kwa anthu wamba. Anaphunzitsidwa kuchiritsa, koma m'manja anali ndi Panadol, madzi a ORS ndi mankhwala a TB. Wodwala ankabwera, n'kupezako bwino pang'ono, n'kupita kunyumba, n'kubweranso atawonda kwambiri, kenako osabweranso. Patapita chaka ankabwera mkazi wake, pambuyo pake mwana wa m'manja. Nesi ankadziwa kumene nkhani ikupita kuyambira tsiku loyamba. Pamwamba pa zonsezi anali ndi chinsinsi choti asunge. Ankadziwa zotsatira za magazi a mwamuna wina, n'kukhala pa benchi imodzi ku tchalitchi ndi mkazi wa mwamunayo, osatha kunena kanthu. M'tauni yaing'ono ngati Lundazi katundu wotere sumusiya pa geti ya chipatala.

Ndipo manesi nawonso ankafa. Kafukufuku wa Anne Buvé ndi anzake, wofalitsidwa mu 1994, anaona imfa za manesi aakazi pa zipatala ziwiri za mu Zambia. Pakati pa 1980 ndi 1985 ankamwalira manesi awiri pa 1,000 alionse pachaka. Pakati pa 1989 ndi 1991 chiwerengerocho chinafika pafupifupi 27. Akuluakulu amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nesi amene ankasambitsa mnzake wa pa shifiti ankadzifunsa funso lomwelo akadziyang'ana pa galasi. Ambiri ankaopa kuyezetsa pa chipatala chawo, popeza woyeza magazi anali mnzawo wakumwa naye tiyi. Kafukufuku wina wa m'makiliniki a mu Lusaka, wofalitsidwa mu 2009, anapeza kuti pafupifupi theka la ogwira nchito za umoyo ananena kuti nchito yawatopetsa kotheratu, ndipo mantha oti chinsinsi chawo chidzaululika ankawalepheretsa kufuna thandizo.

M'zaka zomwezo manesi ambiri anachoka kupita ku Britain, Botswana ndi South Africa. Timakonda kunena kuti ankatsata ndalama, ndipo n'zoona, koma ena ankathawanso mawodi amene anasanduka malo odikirira imfa. Otsala anasenza nchito ya anthu awiri kapena atatu. M'makiliniki ambiri a kumidzi m'dziko muno nesi mmodzi ndiye anali zonse: wobereketsa, wopereka mankhwala, wolemba malipoti, ndi wodzutsidwa pakati pa usiku. Thandizo linabwera kuchokera kwa anthu wamba. Chipatala cha Chikankata chinayamba mu 1987 nchito yosamalira odwala kunyumba kwawo, ndipo njirayi inafalikira m'matchalitchi ndi m'mabungwe, monga Thandizani ku Lundazi. Kara Counselling inayamba ku Lusaka mu 1989. Uphungu unakula, koma unali wa odwala ndi mabanja awo. Nesi anaphunzitsidwa kupereka uphungu, osati kuulandira.

Kuyambira 2004 boma linayamba kufalitsa ma ARV, ndipo mu 2005 anakhala aulere. Anthu amene anabwera atanyamulidwa pa njinga anayamba kubwera okha, n'kubwereranso kumunda. Mawodi anapumako. Dziko linasangalala, ndipo linali ndi chifukwa. Koma amene anaima pambali pa mabedi zaka makumi awiri anangopitiriza shifiti yotsatira ndi zonse zimene anaona.

Mliri wachitatu tinauona ndi maso athu. Pa 18 March 2020 Zambia inalengeza anthu awiri oyamba kupezeka ndi COVID-19, ndipo pa 20 March masukulu anatsekedwa. Munthu woyamba anamwalira pa 2 April. Misonkhano, maukwati ndi maliro analamulidwa kuti asapitirire anthu 50. Chodabwitsa n'chakuti bungwe la WHO linali litasankha 2020 kukhala chaka cha manesi ndi azamba, pokumbukira zaka 200 chibadwire Florence Nightingale. Funde lachiwiri linabwera chakumapeto kwa 2020 ndi kumayambiriro kwa 2021. Lachitatu, la mtundu wa Delta, linafika pachimake mu June ndi July 2021, m'nyengo yozizira, dziko likulira a Kaunda amene anamwalira pa 17 June, ndiponso likukonzekera masankho a pa 12 August. Mabedi anadzaza, okosijeni anachepa. Katemera anali atayamba pa 14 April, koma anali atafika kwa anthu ochepa. Chiwerengero cha boma chimati anamwalira anthu oposa 4,000, ndipo kafukufuku wa ku mochale ya UTH mu 2020 anapeza kachiromboka m'mitembo yambiri ya anthu amene sanayezedwepo ali moyo. Padziko lonse WHO inayerekeza kuti ogwira nchito za umoyo pakati pa 80,000 ndi 180,000 anamwalira ndi matendawa kuchokera January 2020 mpaka May 2021.

Kodi mliri uwu unasiyana bwanji ndi Edzi kwa nesi? Choyamba, unachotsa wodwazika. M'zipatala zathu wodwala sagona yekha. Pambali pake pamakhala mbale, amene m'tauni timamutcha bedsider, womudyetsa, womusambitsa, womutembenuza ndi womupempherera. Ku wodi ya COVID abale sankaloledwa. Nchito yonseyo inagwera nesi, ndipo ndiye anakhala mboni yokhayo ya mphindi zomaliza. Mawu omaliza a bambo wa munthu ankanenedwa kwa nesi wovala masiki ndi magalasi, amene nkhope yake sinkaoneka. Kenako nesi yemweyo ankayankha foni ya ana ali ku Lusaka kapena ku Kitwe akufunsa ngati atate adya.

Chachiwiri, imfa yake inali yachangu ndiponso yooneka. Munthu wobanika amadziwa kuti akubanika, ndipo amakuyang'ana. Wodwala mmodzi wovutika kwambiri angathe kumaliza masilinda angapo a okosijeni pa tsiku, ndipo kutali ndi mizinda silinda iliyonse imayenda ulendo wautali pa msewu. Pamene odwala achuluka kuposa masilinda, wina ayenera kusankha, ndipo wosankhayo amakumbukira. Chachitatu, nesi ankaopa kutengera matenda kunyumba. Ena ankavulira zovala panja, kugona m'chipinda chaokha, kukana kukumbatira ana. Chachinayi, ife tomwe tinawonjezera. Pa WhatsApp tinkatumizirana mauthenga oti matendawa ndi bodza, oti ku chipatala akupha anthu, oti katemera ndi chizindikiro cha chilombo. Maliro akaikidwa mofulumira, mtembo osasambitsidwa ndi abale, mkwiyo unkagwera wa yunifomu amene tinkamudziwa dzina ndi nyumba yake.

Apa ndi pamene nkhani ya 1918 imabwereranso. Mwambo wathu wa maliro ndi wanzeru. Timasonkhana, timagona pa siwa, timalira mokweza, timaika, timasamba m'manja, ndipo patapita nthawi timakumananso kuti timalize. Chisoni chimapatsidwa nthawi, malo ndi anthu. Nesi alibe zimenezi. Wodwala akamwalira amalemba nthawi mu faelo, amasintha nsalu za pa bedi, n'kuitana wotsatira. Akalira pamaso pa anthu timati ndi wofooka. Akapanda kulira timati alibe mtima. Manesi achikulire amene anadutsa m'zaka za Edzi analowa mu COVID ali ndi bala lakale, ndipo achinyamata, a msinkhu wathu, anakumana ndi imfa zochuluka akungotuluka kumene ku koleji. Asanapume bwino, kolera inabuka mu October 2023, National Heroes Stadium n'kusanduka chipatala, ndipo anthu oposa 700 anamwalira.

Zina zasintha. Mu 2019 dziko linakhazikitsa lamulo latsopano la za umoyo wa maganizo m'malo mwa lamulo la nthawi ya atsamunda. Mu 2022 boma linalemba nchito ogwira za umoyo oposa 11,000, ndipo dzanja lililonse lowonjezera limachepetsa katundu wa shifiti. Koma akatswiri a za maganizo akali ochepa ndipo ambiri ali ku Lusaka, pafupi ndi Chainama Hills, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 1962. Dzina la Chainama lenilenilo timaligwiritsa nchito ngati chipongwe. Nesi wa ku Mwase kapena kwa Magodi amene akulota odwala ake angayambe bwanji kunena, podziwa kuti mawa anthu adzati a Sister azungulira mutu?

Zimene zimathandiza n'zodziwika ndipo si zodula zonse. Kugona mokwanira ndi kupita ku tchuthi pa nthawi yake. Kusinthana, kuti munthu mmodzi asakhale miyezi yonse ku wodi yolemera. Kukhala ndi mkulu wa wodi amene amafunsa za munthu, osati za lipoti chabe. Kukambirana ndi anzake a nchito pambuyo pa usiku woipa, mwakufuna kwawo. WHO imalangiza kuti tisakakamize munthu kufotokoza zonse zimene anaona atangoziona kumene, chifukwa sizithandiza ndipo zingathe kuwonjezera ululu. Chofunika ndi kumumvetsera, kuona kuti wadya ndi kupumula, ndi kumulozera kwa mlangizi ngati maloto, mantha, mowa kapena maganizo ofuna kudzipha zayamba. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda anaonetsa ndi Friendship Bench kuti agogo ophunzitsidwa bwino, atakhala pa benchi panja pa kiliniki, angathe kuthandiza anthu ovutika maganizo. Kuno tili ndi Lifeline pa nambala ya 933. Kwa nesi wa m'tauni yaing'ono foni ili ndi ubwino umodzi waukulu: woyankha samudziwa.

Sitikunena kuti nesi aliyense wokalipa ali ndi bala, kapena kuti bala limapereka chilolezo chonyoza mayi amene ali pa ululu wobereka. Nkhanza tiyenera kuidandaula kwa akuluakulu a chipatala ndi ku Nursing and Midwifery Council of Zambia. Koma tikamafuna manesi achifundo, tifunsenso mafunso amene amasunga chifundocho. Pa shifiti ya usiku pali manesi angati? Anapita liti ku tchuthi? Akavutika maganizo amaonana ndi ndani? Mafunso amenewa ndi oyenera kwa khansala, kwa MP, kwa makomiti a za umoyo a m'madera, ndi kwa makoleji a unesi a ku Chipata, Katete ndi Mwami, kumene alongo ndi abale athu akuphunzira tsopano. Amaphunzira kudziteteza ku singano ndi magazi. Ayeneranso kuphunzira kuzindikira bala ili mwa iwo eni ndi mwa anzawo, chifukwa mliri wina udzabwera ndipo adzaima kutsogolo ndi iwowo.

Kunyumba nako tili ndi chochita. Ambiri a ife timakwera basi pa Intercity nthawi ya Khirisimasi, n'kukafika ku Lundazi miyendo itatupa. Kumeneko kuli amayi kapena ankhazi amene anapuma pa nchito, amene timawaimbira foni mwana akatentha thupi, koma sitinawafunsepo za 1995 kapena za June 2021. Tikakhala nawo pakhonde madzulo, tikusenda nshawa, tingathe kufunsa: "Amayi, zaka zija munkakwanitsa bwanji?" Mwina adzaseka n'kunena kuti inali nchito chabe. Tisawakakamize. Tipitirize kusenda nshawa, foni ili m'thumba, ndipo tsiku lotsatira tikhalenso nawo pomwepo.